Matiresi opopa amene ndinagulira apongozi anga

Inu owerenga, ndiyambe ndi kuvomera kuti cholakwa chinali changa. Palibe amene anandinamiza, ndipo palibe amene anandigulitsa chinthu chowonongeka. Ndinalowa ndekha m'sitolo, ndinasankha ndekha chogonera cha apongozi anga aamuna pa ulendo wa m'tchire, ndipo ndinasankha molakwika. Anadwala chibayo tili m'njira, ndipo kumene tinkapitako sitinakafike. Ndalemba izi kuti wina amene akukonzekera kukagona panja, kaya kumsasa wa mpingo, kaya kumaliro, kaya ku ntchito ya m'midzi, asachite zimene ndinachita ine.

Ine ndinabadwira ku Lusaka ndipo ndinakulira m'komboni. Ku Rufunsa ndinabwera ndi ntchito ya boma yoyendera alimi, ndipo kunoko ndi kumene ndinapeza mkazi wanga, wa ku Shikabeta. Pa nthawi imene ndikunenayi tinali ndi mwana mmodzi, Naomi, motero kuchipongozi ankanditcha atate a Naomi.

Apongozi anga aamuna anagwira ntchito yokonza misewu zaka zambiri asanabwerere kumudzi kukalima. Anali munthu wanthabwala, wokonda wailesi, ndiponso wokonda kuti anthu aziwaona. Ankavala jekete ngakhale popita kumunda. Akalandira kanthu kochokera kutauni, kaya ndi tochi kaya ndi nsapato, mudzi wonse unkadziwa dzuwa lisanalowe. Zaka zawo zinali zitapitirira makumi asanu ndi awiri, koma miyendo inali yolimba, moti ankapalasa njinga mpaka kumsewu waukulu n'kubwerera tsiku lomwelo.

Pakati pa iwo ndi ine panali ulemu wa chipongozi. Sitinkadyera m'mbale imodzi, sitinkakhala mogundana, ndipo nkhani zathu zinkathera pa moni, mvula ndi mtengo wa feteleza. Ndinkadziwanso kuti ena kumudziko ankandiseka kumbali, kuti munthu wophunzitsa alimi koma manja ake ndi osalala ngati a kalaliki. Zimenezi zinkandikhala mumtima, ndipo ndinkafunafuna mpata woti ndionetse kuti mwana wawo sanakwatiwe ndi munthu wamba.

Mpatawo unabwera motere. Apongozi sanabadwire pamene mudzi uli lero. Mudzi wakale unali kuseri kwa mapiri, kulowera kuchigwa, ndipo anthu anasamukako iwo ali mnyamata, kutsata sukulu ndi kuthawa njovu. Amayi awo anaikidwa kumeneko. Chaka cha ulendo wathuwu mlongo wawo anamwalira, ndipo anatsala okha odziwa pamene manda aja ali. Anauza banja kuti akufuna kukalambula manda a amayi awo ndi kukaonetsa malowo kwa Lazalo, mwana wawo wamwamuna, mlamu wanga, amene ali ndi banja lake ku Shikabeta komweko. Ulendowo ndi wa masiku awiri ndi theka kupita kokha, wapansi, chifukwa njinga siidutsa. Anasankha mwezi wa Juni, poti chimanga chinali chitalowa m'nkhokwe, mitsinje itaphwa, ndipo dzuwa silipweteka.

Ndinadzipereka kuti ndipita nawo, ndiponso kuti za pogona azisiye m'manja mwanga. Mkazi wanga anakondwa.

Loweruka lina ndinakwera minibasi kupita ku Lusaka, n'kulowa m'sitolo ina yogulitsa matenti, zikwama za kumsana ndi matochi. Wogulitsa anali mayi wachikulire ndithu, wodziwa katundu wake. Anandiyalira zogonera zitatu. Choyamba chinali kamphasa ka siponji yolimba, kopyapyala ngati chala, kokulunga ngati mkeka. Chachiwiri chinali chopopa, chopyapyala ndithu, koma chokhala ndi zinthu m'kati zosunga kutentha. Chachitatu anali matiresi aakulu opopa, a buluu, okhuthala kuposa chikhatho, ofewa pamwamba ngati nsalu ya pa sofa, okhala ndi pampu yake yopondaponda ndi phazi.

Maso anga anali pa aakuluwo kuyambira pamene ndinalowa. Mayi aja anandifunsa kumene ndikupita ndi mwezi wake. Nditawauza, anapukusa mutu.

"Aya ni a m'nyumba, ba bosi, a alendo akabwera kuchezera. Mu Juni pansi pamazizira maningi, kuzizira koopsa, ndiye mphepo ili mukatimo izazizira nayo. Tengani ka siponji. Olo mukafuna awa, ka siponji muike pamwamba."

Ndinaganiza kuti akufuna kundigulitsa zinthu ziwiri m'malo mwa chimodzi. Koma ndikanena zoona, chifukwa chachikulu sichinali chimenecho. Ndinayang'ana ka siponji kaja n'kudzifunsa kuti ndingakapereke bwanji kwa apongozi anthu akuona, kanthu kooneka ngati chidutswa chotola. Ndinkaganiza za maso a anthu a ku Shikabeta, osati za msana wa munthu wokalamba. Ndinatenga matiresi aakulu aja ndi katenti ka munthu mmodzi, n'kutuluka.

Kunyumba ndinawapopa pabalaza, Naomi n'kudumphadumphapo. Ndinakhalapo pang'ono, n'kumva kuti ndi ofewa, basi ndinawaphwetsa. Sindinagonepo usiku ngakhale umodzi, m'nyumba kapena panja. Kumeneko ndiye kuyesa konse kumene ndinachita.

Tsiku loti mawa tinyamuka ndinafika kumudzi, ndipo apongozi anafuna kuti ndiwapope pabwalo pomwepo. Anthu anasonkhana. Azimayi ankabwera kudzatobwanya ndi chala n'kumaseka. Apongozi anagonapo chagada, atavala jekete yawo, wailesi ili pachifuwa, miyendo atasanjikiza.

"Onani," anatero, "atate a Naomi andigulira bedi ya mphepo. Zaka zonse zija kumsewu, ngakhale abwana athu sanagonepo pa yotere."

Anthu anaseka ndi kuwomba m'manja. Ine ndinaima pambali n'kumachita ngati si kanthu, koma mumtima ndinali nditapeza chimene ndinkafuna.

Vuto loyamba linaoneka pomanga katundu. Matiresi aja, pampu yake ndi tenti zinadzaza chikwama changa ndipo zinali zolemera. Tinayeneranso kunyamula ufa, kapenta, mchere, poto, madzi, nkhwangwa ndi makasu awiri olambulira manda, ndipo onyamula tinali awiri chabe, ine ndi Lazalo. Apongozi aakazi anali atamangira amuna awo mtolo wakewake: zikopa ziwiri za mbuzi zosokedwa pamodzi, ndi bulangeti lachiwiri lolemera. Ndinati zimenezo zitsale, poti pogona palipo kale. Iwo sanandiyankhe ine. Anauza Lazalo chapansipansi kuti atate ake ndi chisanu sagwirizana, ndipo Lazalo anandifikitsira mawuwo. Ndinayankha kuti tenti idzatchinga mphepo. Apongozi aamuna nawo anaikapo mawu, kuti zikopa ndi zachikale, zisiyidwe. Mtolo uja unabwerera m'nyumba.

Ine ndinatenga kamphasa kanga ka siponji kakale, kamene ndimagonera ndikapita ku ntchito ya m'midzi yakutali. Kanali kodetsedwa, kodyeka m'mbali. Ndinkadziona ngati munthu wodzichepetsa amene wapereka chabwino kwa akulu n'kudzisiyira choipa.

Tsiku loyamba linayenda bwino. Apongozi ankatsogola ndi ndodo yawo, akutchula dzina la kamtsinje kalikonse kamene tinkawoloka, akutionetsa pamene anthu ankapumulira kale, akuseka Lazalo kuti amayenda ngati wanyamula nyumba. Tinakwera phiri loyamba dzuwa lili pamutu, n'kutsika tsidya lina. Madzulo tinaima pafupi ndi kamtsinje kena m'mphepete mwa dambo, chifukwa pamenepo m'pamene panali madzi. Sindinkadziwa kuti malo otsika ngati amenewo ndi kumene chisanu chimakhalira.

Lazalo anasonkha moto, n'kumweta udzu wouma n'kuuyala wambiri pafupi ndi motowo, thumba lopanda kanthu n'kuika pamwamba. Pamenepo ndiye panali pogona pake. Ine ndinaimika tenti patali ndithu, mapazi ngati makumi awiri kuchokera pamoto. Ndinafotokozera apongozi kuti matiresi ndi apulasitiki, kathethe kamodzi ka moto kakhoza kuwaboola, ndipo tenti nayo siichedwa kuyaka. Iwo anavomera. Munthu amene moyo wake wonse wa kumsewu ankagona chofulatira moto, tsiku limenelo anakagona kutali ndi moto, pa mphepo, ndi bulangeti limodzi. Ine, monga mkamwini, sindikanagona pafupi ndi apongozi. Ndinayala ka siponji kanga tsidya lina la moto, ndipo ndinagona tulo tabwino mpaka kunacha.

M'mawa udzu unali utayera ndi mame ozizira. Ndinapeza apongozi atadzuka kale, atakhala pachipika pafupi ndi phulusa, manja atawaika m'khwapa. Ndinagwada patali n'kuwafunsa kuti auka bwanji.

"Tauka bwino, atate a Naomi. Ngati ku hotela."

Lazalo atawapatsa tiyi, ndinaona kapu ikunjenjemera m'manja mwawo mpaka tiyi wina kutayikira pa thalauza. Ndinaziona bwinobwino. Ndinati ndi ukalamba.

Tsiku lachiwiri sanatsogole. Ankayenda pakati pathu, pang'onopang'ono, ndipo mitsinje tinkangoiwoloka osamva mayina ake. Wailesi inakhala m'thumba la jekete osatsegulidwa. Ankapempha kupuma kawirikawiri, akunena kuti nsapato ikuwaluma. Masana anadya pang'ono. Tinayenda mtunda wochepa kuposa umene tinkayembekeza, ndipo tinagonanso pafupi ndi madzi.

Ndikupopa matiresi madzulo amenewo, ndinamva Lazalo akuuza atate ake kuti lero agone kumoto, iye awayalira udzu. Apongozi anacheuka n'kundiyang'ana ine, phazi langa lili pa pampu, thukuta likutsika.

"Atate a Naomi avutike kunyamula katundu yenseyu mapiri awiri kuti ine ndikagone pa udzu? Iyayi."

Inu owerenga, apa ndi pamene ndimabwererapo kawirikawiri. Ndikanangonena mawu amodzi, kuti atate, gonani kumoto, ine sindidandaula, nkhani ikanathera pomwepo. Ndikanatha ngakhale kuwapatsa ka siponji kanga kuti aike pamwamba, monga mayi wa m'sitolo ananenera. Sindinatero. Mawu awo anandikomera, ndipo ndinapitiriza kupopa.

Usiku umenewo ndinamva kutsokomola kuchokera m'tenti, osati kamodzi. Ndinaganiza zodzuka, kenako ndinadziuza kuti mkamwini salowa pogona pa apongozi. Ndinafunda kumutu n'kugona.

M'mawa wa tsiku lachitatu sanatuluke. Tiyi atapsa, Lazalo anapita kukasuzumira, ndipo anandiitana ndi mawu amene sindinawamvepo kwa iye. Apongozi anali atadzipinda, thupi likutentha ngati mbaula koma mano akugundana. Ankapuma mofupikitsa, ndipo akati akoke mpweya ankagwira nthiti ya kumanja. Tinawanyamula n'kukawagoneka pa udzu wa Lazalo pafupi ndi moto, n'kuwafunditsa mabulangeti onse atatu.

Ndinabwerera ku tenti kuti ndikaphwetse matiresi. Nditagwada ndinaona mmene anagonera. Bulangeti lawo limodzi lija analipinda, theka pansi theka pamwamba, moti silinkakwana kulikonse. Jekete anali ataiyala pamene pamafika chiuno. Ngakhale kathumba kamene munali kapenta anakaika pansi pa mapewa. Ndinagwira matiresi ndi dzanja, ndipo ankazizira ngati kunsi kwa mtsuko wa madzi. Ndinagonapo chagada, nditavala juzi. Sipanapite nthawi, msana unayamba kumva ngati ndagona pa mwala wa kumtsinje. Dzuwa linali litatuluka kale. Iwo anagona pamenepo mausiku awiri athunthu.

Phiri lomaliza linkaoneka patsogolo pathu. Apongozi anali atatiuza dzulo lake kuti tikalizungulira limenelo ndiye kuti tafika, ulendo wa maola anayi kapena asanu. Atamwa madzi ofunda anapempha kuti tiwanyamule tipitirire, poti patsala pafupi. Foni sinkagwira. Mankhwala tinalibe, kupatula mapiritsi ochepa a mutu. Lazalo anayang'ana phiri, anayang'ana atate ake, n'kunena kuti tibwerera. Ine ndinavomereza.

Ataona kuti tatsimikiza, apongozi anayamba kufotokoza. Anati pali mtengo wa mlambe, ukachoka pamenepo uloze kumene dzuwa limalowera, upeza zulu ziwiri zoyandikana. Mawu ankaduka pakati, chifuwa chikuwatsekereza. Lazalo anawagwira phewa n'kuwauza kuti asadzivute, adzationetsa okha akachira. Inenso ndinati ndi zoona, apume. Tinawaletsa kulankhula, tikuganiza kuti tikuwachitira chifundo.

Tinadula mitengo iwiri n'kumangapo nsalu ya tenti kukhala machira. Makasu, matiresi ndi pampu tinazipachika pa mphanda ya mtengo n'kuzisiya. Njira imene tinayenda masiku awiri tili ndi mphamvu, tsopano tinayenera kuibwerera titanyamula munthu. Pokwera phiri wa kumbuyo ankasenza kulemera konse, potsika wa kutsogolo, ndiye tinkasinthana. Mapewa anga anasupuka lisanafike dzuwa la masana. Lazalo sanandinene kanthu njira yonse. Ankangoti, "Ba mulamu, tiyeni," tikapuma mokwanira.

Tinagonanso m'tchire usiku wina. Ulendo uno tinasankha malo okwera, tinayala udzu wambiri, ka siponji kanga pamwamba pake, moto mbali ina, Lazalo atagona mogundana nawo mbali inayo. Mawa lake chakumasana tinakumana ndi azibambo atatu ofula njuchi, ndipo anatithandiza kunyamula mpaka ku midzi yoyamba. Kumeneko ndinakwera pachulu pamene foni imagwira n'kuitana njinga yamoto. Ku kiliniki anawabaya jakisoni n'kunena kuti apite ku chipatala chachikulu tsiku lomwelo.

Anawapeza ndi chibayo cha mbali zonse ziwiri. Anakhala m'chipatala masabata awiri, masiku oyamba ali ndi chipangizo chothandiza kupuma. Dokotala wina atamva za ulendo wathu anandifunsa kuti nkhalambayo inkagona pa chiyani, ndipo nditamuuza anandifotokozera mosakalipa. Anati munthu akagona panja, nthaka imamuba kutentha kuposa mphepo ya pamwamba. Matiresi opopa opanda kanthu m'kati amangodzaza mpweya, mpweyawo umazizira ndi nthaka, n'kumazungulira pansi pa munthu usiku wonse. Bulangeti loyala pansi silithandiza kwenikweni, chifukwa thupi limaliphwatalitsa. Anati chisanu pachokha si chimene chimabweretsa chibayo, koma munthu wokalamba amene wayenda tsiku lonse, osagona, akunjenjemera mpaka kucha, thupi lake limafooka, ndipo matenda amapeza khomo lotsegula. Zonsezi zinali zomwe zija anandiuza mayi wa m'sitolo, kungoti iye anazinena mwachidule.

Mkazi wanga ndi amene ankawadikirira. Sanandikalipire, ndipo mwina zikanandipepukira akanatero. Atate ake atayamba kupeza bwino anawafunsa chifukwa chimene sananenere kuti akuzizidwa. Yankho lawo anandiuza tili pa benchi panja pa wodi, akuyang'ana kwina.

"Akuti mudzi wonse unawaona akugubuduka pa chinthu chija n'kumadzitama. Akutinso m'mawa uja inu munkawayang'ana ngati mwana amene wabwera ndi lipoti labwino la kusukulu. Ndiye akuti akanati chiyani?"

Ndinalowa m'wodi kukapepesa. Ndinagwada pafupi ndi bedi, koma ndisanamalize anakweza dzanja. Anati bedi ija inali yabwino, thupi lawo ndiye lachimidzi, silidziwa zinthu zabwino. Odwala a m'mabedi oyandikana anaseka. Nkhaniyo sitinaikambenso.

Anatuluka m'chipatala ataonda, jekete ikuwalendewera. Njinga sanaikwerenso. Akayenda kuchoka kunyumba kufika kumunda ankaima kawiri kuti apume. Ankanenabe kuti chaka chamawa tipitanso, ndipo poti iwo ankatero, palibe amene analimba mtima kuwauza kuti akhale pansi afotokoze malo aja mwatsatanetsatane. Kamodzi kokha Lazalo anawafunsa, ndipo iwo anajambula pansi ndi ndodo, mlambe apa, zulu apa, kamtsinje apa. Atafika pakati anafufuta ndi phazi n'kunena kuti pansi sipaoneka bwino, akaona ndi maso adzakumbuka.

Anamwalira mvula yotsatira ili pakati, ndi chifuwa chomwecho. A chipatala anati mtima nawo unali utatopa. Sindinganene kuti matiresi ndiwo anawapha, ndipo palibe wa kuchipongozi amene ananenapo zimenezo, pamaliro kapena pambuyo pake. Apongozi aakazi amandilandira monga kale. Chimene ndikudziwa n'chakuti munthu amene ananyamuka nafe akutsogola ndi ndodo, si amene tinabwera naye.

Chilimwe chotsatira ine ndi Lazalo tinapita awiri. Pa mtengo uja tinapeza makasu atachita dzimbiri, mipini itapsa ndi moto wolusa, ndipo matiresi anali atasungunuka n'kumatirira ku khungwa. Tinatenga makasu n'kupitirira. Tinazungulira phiri, ndipo mudzi wakale tinaupeza mosavuta: mitengo ya mango yokalamba, mapale, miyala ya mphero itakwiririka theka. Koma milambe inalipo itatu, osati umodzi, motalikirana. Zulu zinali paliponse. Tinayamba pa mlambe woyamba kuloza kumadzulo, kenako wachiwiri, kenako wachitatu. Tinafufuza masiku awiri, tikupalasa masamba, tikuyang'ana pamene nthaka yatitimira kapena pamene miyala yaunjikana. Malo ena ankaoneka ngati ndi pomwepo, ena nawonso chimodzimodzi. Ndinati tilambule pamene pakuoneka moyandikira, Mulungu adziwa. Lazalo anakana. Anati sangalambule chulu n'kukauza ana ake kuti ndi agogo awo. Tinapemphera pansi pa mango n'kubwerera.

Tsopano ndinene za inu amene mukukonza ulendo wokagona panja.

Chogonera musachisankhe ndi maso. Kukhuthala ndi kufewa si kutentha. Funsani wogulitsa ngati chinthucho chimatchinga kuzizira kochokera pansi, muuzeni mwezi umene mukupita ndi malo ake, ndipo akakuyankhani mumvereni, chifukwa iye amazigwira tsiku ndi tsiku. Ka siponji kolimba n'kosaoneka bwino, koma sikabooka, sikalemera, ndipo kamakulolani kugona moyandikira moto. Ngati mwakonda chopopa, onetsetsani kuti ndi chopangira kutchire, kapena muike siponji, chikopa, ngakhale makatoni pamwamba pake. Ganizirani kulemera kwake musanagule, poti chilichonse cholemera chimene mwalowetsa m'chikwama chimatulutsamo china, ndipo mwa ife chinatulutsa bulangeti. Mukagula, kagoneni nacho panja pa nyumba yanu usiku umodzi, pa dothi, mwezi wozizira. Mukadzuka bwino inuyo, m'pamene mungachipereke kwa wina. Ndipo musamange msasa m'dambo chifukwa chofuna madzi pafupi. Tungani madzi, mukwere nawo pamtunda.

Zinazi si za matiresi okha. Mukamapatsa munthu wamkulu mphatso, musamupatse pa gulu ngati simunatsimikize kuti imuthandiza, chifukwa mukatero mwamutsekera njira yoikana. Akulu athu amalolera kuvutika kusiyana ndi kuchititsa manyazi mwana amene wawapatsa kanthu, makamaka mkamwini. Inuyo ndi amene muyenera kuyamba kunena kuti ngati sichikuyenda tisiye. Ulemu wa chipongozi ndi wabwino ndipo ndimausungabe, koma mukamva nkhalamba ikutsokomola, dzukani. Ngati simungalowe nokha, dzutsani amene angalowe. Ndipo munthu wokalamba akayamba kukuuzani chinthu chimene wachidziwa yekha, musamuuze kuti apume. Khalani pansi, mumve mpaka amalize, ngakhale mawu akuduka.

Mwana wathu wachiwiri anabadwa maliro a apongozi atapita. Ndi wamkazi, ndipo a kuchipongozi anamutcha dzina la amayi a apongozi aja. Panopa wayamba kumene kulankhula. Akadzakula adzafuna kudziwa kumene mwini dzina lake anagona, ndipo amayi ake anandiuza kale kuti funso limenelo ndidzayankha ine.